Kodi mumadziwa? Ntchito yosunga mbiri ya nkhondo, kuchokera ku Thambani mpaka ku Zomba

Nyengo yosaka malo a atachimenti ikafika, achinyamata a kuno ku Thambani amene ali m'makoleji amathamangira kubanki, kuchipatala kapena kuchipata cha Mwanza. Ndi ochepa amene amaganizako za nyumba yosungiramo zinthu zakale, makamaka mbali imene imasunga mifuti, mamendulo ndi makalata a asilikali. Sabata ino takusonkhanitsirani mfundo zachidule za ntchito imeneyi, komanso za mbiri imene wophunzira ntchito amakumana nayo akangolowa pakhomo.

TSIKU LOYAMBA PANTCHITO

1. Kodi mumadziwa kuti chida choyamba chimene wophunzira ntchito amapatsidwa ndi pensulo? Inki ikadonthera pakalata ya zaka 100 ndiye kuti yakhazikika, pomwe pensulo imafufutika. Cholembera cha inki chimatsala m'chikwama, pamodzi ndi botolo la madzi ndi chitumbuwa chanu cha nkhomaliro, chifukwa nyenyeswa zimaitana mphemvu ndi makoswe. Amene amayembekezera kuti ayamba ndi kunyamula mfuti amagwa mphwayi tsiku lomwelo.

2. Kodi mumadziwa kuti chinthu chilichonse cholowa m'nyumbayi chimapatsidwa nambala yakeyake? M'kaundula amalembamo amene wachipereka, kumene anachipeza, tsiku limene chafika ndi mwini wake woyamba. Lamba wa msilikali akasiyana ndi nambala yake amasanduka chikopa wamba. Akakhala ndi dzina, mudzi ndi chaka, amakhala umboni. Masabata ambiri a wophunzira ntchito amathera pa kuyeza, kujambula zithunzi ndi kulowetsa zimenezi mukompyuta.

3. Nanga mumadziwa kuti kukwecha ndi mlandu? Kumudzi mtsikana amene wakwecha poto ndi phulusa mpaka kuwala amayamikiridwa. M'nyumba ya zinthu zakale, wokwecha mendulo kapena batani la mkuwa amafafaniza zilembo zimene zikanaulula mwini wake. Fumbi amalichotsa ndi kaburashi kofewa, ndipo dzimbiri amalisiyira katswiri.

4. Kodi mumadziwa kuti magolovesi savalidwa pa chilichonse? Pogwira chitsulo ndi zithunzi amafunika, popeza thukuta la m'manja lili ndi mchere umene umadya chitsulo ndi kusiya zidindo za zala. Koma pogwira mapepala akale akatswiri ambiri amakonda manja osambidwa bwino ndi ouma, chifukwa zala za m'magolovesi sizimva kupyapyala kwa pepala ndipo zimang'amba mosavuta.

5. Kodi mumadziwa kuti yunifolomu ya msilikali imatha kugonekedwa mufiriji? Njenjete zikalowa m'chovala chaubweya, amachimata m'pulasitiki n'kuchisiya m'malo ozizira madigiri 20 kunsi kwa ziro kwa sabata kapena kupitirira, kuti tizilombo ndi mazira ake zife. Adani ena ndi chiswe, chinyezi cha m'dzinja ndi kuwala kwa dzuwa kumene kumasuluka nako nsalu. N'chifukwa chake zipinda zoonetseramo zovala zimakhala zamdimamdima. Si kuti mwini nyumba akuthawa bilu ya magetsi.

6. Kodi mumadziwa kuti zida zina zimavulaza ngakhale nkhondo yake inatha kalekale? Makampasi ndi mawotchi ena a asilikali anapakidwa penti yokhala ndi radium kuti aziwala usiku, ndipo penti imeneyo ndi yoopsa mpaka lero. Zophimba kumaso zina za Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse zili ndi asbestos, amene amawononga mapapo. Choncho kuyesa kuvala kuti mujambulitse chithunzi cha pa Facebook n'koletsedwa. Bomba lililonse limatengedwa kuti ndi lamoyo mpaka akatswiri a usilikali atalitsimikizira.

ZIMENE MUKAFUNSIDWE NDI ALENDO

7. Kodi mumadziwa kumene kunachokera mawu akuti Keyala? Ndi katchulidwe kathu ka zilembo za KAR, chidule cha King's African Rifles, gulu la asilikali limene Angerezi anakhazikitsa mu 1902. Mabataliyoni ake awiri oyambirira anali a ku Nyasaland. Ngakhale dzinali lisanabadwe, asilikali a kuno anali atamenya kale nkhondo kutali, monga ku Ashanti, m'dziko limene lero ndi Ghana, mu 1900.

8. Nanga Cobbe anali yani? Malo a asilikali a Cobbe ku Zomba anatchulidwa pokumbukira Alexander Cobbe, msilikali wa Chingerezi amene analandira mendulo ya Victoria Cross chifukwa cha nkhondo ya ku Erego, ku Somaliland, pa 6 Okutobala 1902. Pankhondo imeneyo panalinso asilikali a ku Nyasaland. Dzina la mtsogoleri lili pachipata mpaka lero. Mlendo wochenjera akakufunsani mayina a anyamata amene anali naye, mpamene mudzadziwe kukula kwa ntchito yanu.

9. Kodi mumadziwa kuti imodzi mwa nkhondo zoyambirira za pamadzi za Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse inachitika panyanja yathu? Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen, motsogozedwa ndi Captain Rhoades, inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann imene inali pamtunda ikukonzedwa ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania. Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo, Berndt, anali mnzake wa Rhoades ndipo anali asanamve kuti kwabuka nkhondo. Mfuti ya Hotchkiss ya pa Guendolen ili ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, ndipo mbiri ya sitimayi mukaipeza ku Lake Malawi Museum komweko.

10. Kodi mumadziwa kuti Karonga ndi bwalo la nkhondo? Pa 9 Sepitembala 1914 asilikali a Ajeremani ochokera kumpoto anathira nkhondo pamalopo koma anabwezedwa. Manda a ena mwa ophedwa alipobe m'tauniyo. Alendo ambiri amapita ku Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, kukaona mafupa a Malawisaurus. Wophunzira ntchito wakhama amawakumbutsa kuti asabwerere asanaone mandawo.

11. Kodi mumadziwa kuti chiwaya sichinayambe ndi tchipisi? Makolo athu anaitcha nkhondo ya 1914 mpaka 1918 kuti Nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti yolavula zipolopolo mosadukiza imene iwo anaipatsa dzina limeneli. Amene anamvapo chimanga chikuthetheka m'chiwaya sangavutike kumvetsa. Kwa anthu amene anazolowera gogodela, yothira wonga ndi kusinja musanawombe kamodzi, chida chimenechi chinali malodza.

12. Kodi mumadziwa kuti onyamula katundu anachuluka kakhumi kuposa onyamula mfuti? Pa nkhondo imeneyi Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, m'dziko limene linali ndi anthu ongopitirira pang'ono 1 miliyoni. Ambiri anagwidwa mokakamiza. Ankasenza katundu wolemera makilogalamu oposa 20, pamvula ndi padzuwa, ndipo ochuluka anafa ndi kamwazi, malungo ndi njala osamuonako mdani. Mfuti imapezeka m'kabati yagalasi. Nkhata ya wamtengatenga inaolera m'njira, ndiye woonetsa alendo ayenera kuifotokoza ndi pakamwa.

13. Kodi mumadziwa kuti John Chilembwe anayamba ndi cholembera? Mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti Aafirika osauka akutengedwa kukafera nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana. Boma silinamumvere. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, ndipo ena anapita kukathyola nyumba yosungira mifuti ku Mandala mu Blantyre. Iye anaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho. Mukagwira K2,000, mwagwira nkhope ya munthu amene anatsutsa kulemba asilikali mokakamiza.

14. Kodi mumadziwa kuti nkhondoyi inatha mochedwa kuno kusiyana ndi ku Ulaya? Kumeneko mifuti inaleka kulira pa 11 Novembala 1918. Mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, amene anawoloka Rovuma kulowa mu Mozambique mu Novembala 1917 n'kuzunguza adani ake chaka chathunthu, anamva uthengawo ali pamtsinje wa Chambeshi ku Zambia. Anakatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala. Masabata awiri amenewo amtengatenga anali akusenzabe.

15. Kodi mumadziwa kuti mendulo imayankhula m'mphepete? Mamendulo a Angerezi a Nkhondo Yoyamba anadindidwa nambala, udindo, dzina ndi gulu la msilikali, ambiri m'mphepete mwake mozungulira. Mamendulo ambiri a Nkhondo Yachiwiri anaperekedwa opanda dzina. Ngati m'sutukesi ya agogo muli mendulo, itembenuzeni cham'mbali pamalo owala. Ngati ilibe dzina, lembani papepala zonse zimene banja likudziwa n'kusunga pamodzi, mwini nkhani asanatisiye.

16. Kodi mumadziwa kuti anyamata a m'midzi yathu anafika ku Asia? Pa Nkhondo Yachiwiri asilikali a ku Nyasaland anamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi ku Ethiopia, anapita ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 anali m'nkhalango za Burma kulimbana ndi asilikali a dziko la Japan. M'zaka za m'ma 1950 ena anatumizidwanso ku Malaya. Atabwerako, ambiri anabwerera kumunda ndi kumigodi ya ku Joni, nkhani zawo n'kutsalira pamoto wamadzulo.

17. Nanga mumadziwa kuti nkhondo inatisiyira magule? Beni wa ku Mangochi, malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, ndi mganda wa m'chigawo chapakati, onsewa amatsanzira perete wa asilikali: mizere yowongoka, zovala zochapidwa ndi kusitidwa, maudindo ngati a ku Keyala, ndi zitoliro za zikho zolira ngati malipenga a bandi. Dzina lakuti beni linachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza gulu loimba. Nyumba yosunga mbiri ya nkhondo imene ilibe ng'oma ndi yopereweza.

PAKHOMO PATHU PANO

18. Kodi mumadziwa kuti pali nkhondo imene imatchulidwa ndi dzina la boma lathu? Mu Okutobala 1967 Yatuta Chisiza, amene anali nduna ya zam'dziko asanathawe pa mkangano wa nduna wa 1964, analowa ndi kagulu kochepa ka anthu a mifuti kudzera m'mapiri a m'malire a Mwanza ndi Neno, pofuna kuchotsa boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda. Asilikali a boma anakumana nawo, Chisiza anaphedwa, ena anagwidwa. Olemba mbiri amaitcha Nkhondo ya ku Mwanza. Ana amene anamva kulira kwa mifuti nthawi imeneyo lero ndi agogo, ndipo akadali pakati pathu.

19. Kodi mumadziwa kuti dera lino lakhala pothawirapo kangapo? Nkhondo ya Frelimo ndi Apwitikizi inafika m'chigawo cha Tete mu 1968. Itabuka ya Frelimo ndi Renamo, dziko la Malawi linasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo malole a katundu ankayenda mumdipiti woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe kuchokera ku Nyamapanda, kudzera ku Tete, mpaka pa Zobue. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Koma mu 2015 ndi 2016 anthu pafupifupi 10,000 anafikanso pa Kapise m'boma lino, ndipo msasa wa Luwani ku Neno unatsegulidwanso. Khadi lolandirira ufa ndi nandolo la m'masiku amenewo nalonso ndi chuma cha m'nyumba ya zinthu zakale.

20. Kodi mumadziwa kuti khoko la chipolopolo lili ndi chiphaso chake? Kumatako kwake kumadindidwa zilembo kapena manambala osonyeza fakitale imene inalipanga, kawirikawiri ndi chaka chomwe. Wodziwa kuwerenga zimenezi amatha kusiyanitsa la mfuti ya .303 ya nthawi ya Keyala ndi la AK-47, mfuti imene ili pambendera ya Mozambique. Koma chenjezo nali kwa olima ndi otola nkhuni m'malire ndi m'nkhalango ya Thambani: chitsulo chachilendo chimene simukuchidziwa musachitole, musachigogode, musachiponye pamoto. Ikani chizindikiro patali n'kukauza amfumu ndi apolisi. Safunsa anadya phula.

21. Kodi mumadziwa kuti bwampini anathandiza kuyeretsa dziko la anansi athu? Bungwe la APOPO, limene limaphunzitsira nyamazi ku Morogoro ku Tanzania, linagwiritsa ntchito abwampini kununkhiza mabomba okwiriridwa pansi ku Mozambique. Mphuno yake ndi yakuthwa, ndipo thupi lake ndi lopepuka moti bomba siliphulika akaliponda. Mu Sepitembala 2015 dziko la Mozambique linalengeza kuti lamaliza kuchotsa mabomba m'malo onse odziwika. Kuno timamuona ngati ndiwo ndi wakuba chimanga; kutsidyako ena amamuvulira chipewa.

22. Kodi mumadziwa kuti ku London kuli mpando wopangidwa ndi mifuti ya ku Mozambique? Mu 1995 bungwe la mipingo yachikhristu m'dzikolo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kusinthanitsa mifuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Mifutiyo ankaidula, amisiri n'kuiwotcherera kukhala zosemasema. Mmodzi wa iwo, Cristóvão Canhavato, wodziwika kuti Kester, anapanga mpandowo mu 2001, ndipo uli ku British Museum.

23. Nanga za msewu wathu womwewu? Mu Meyi 1983 matupi a nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka kuno ku Thambani. Boma la nthawiyo linati inali ngozi ya galimoto. Komiti yofufuza imene inakhazikitsidwa mu 1994 inapeza kuti anachita kuphedwa, ngakhale khoti linamasula oimbidwa mlandu mu Disembala 1995. Iyi sinali nkhondo ya asilikali, koma phunziro lake ndi la wosunga mbiri aliyense: chikalata cha boma chokha si umboni wokwanira, funsaninso amene analipo.

MAYINA OSOWA

24. Kodi mumadziwa kuti mbali ina ya mbiri yathu inapsa? Mu 1919 moto unanyeketsa maofesi akuluakulu a boma ku Zomba pamodzi ndi zikalata zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda. Wofufuza amene wapita ku National Archives ku Zomba amapeza mipata imene pepala silingatsekenso. N'chifukwa chake masiku ano wophunzira ntchito amatha masiku akujambula zikalata tsamba ndi tsamba, kuti makope ake asungidwe m'malo angapo.

25. Kodi mumadziwa kuti achinyamata a Chimalawi anapulumutsa mawu a asilikali a Chiwaya? M'zaka za m'ma 1970 wolemba mbiri Melvin Page, mothandizidwa ndi Amalawi amene ena mwa iwo anali ophunzira, anayenda m'midzi kucheza ndi nkhalamba zimene zinali asilikali ndi amtengatenga. Zimene anamva zinabala buku la The Chiwaya War mu 2000. Akanazengereza zaka khumi zokha akanapeza mitumbira. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma pokhapokha wina atawasunga.

26. Kodi mumadziwa kuti ngakhale pa imfa panali tsankho? Mu Epulo 2021 bungwe losamala manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, amene anafera Nkhondo Yoyamba kumbali ya Angerezi sanakumbukiridwe ndi mayina awo, ena sanakumbukiridwe n'komwe. Ambiri anali Aafirika, makamaka onyamula katundu. Tikamaika nkhata za maluwa pachipilala cha Keyala ku Zomba kapena pa cha ku Area 18 ku Lilongwe mwezi wa Novembala, tidziwe kuti mndandanda wa mayina sunathe kulembedwa.

27. Kodi mumadziwa kuti mbiri imeneyi ikulembedwabe? Mu Novembala 2018 asilikali asanu ndi mmodzi a Malawi anaphedwa pantchito yosungitsa mtendere kufupi ndi Beni ku Democratic Republic of Congo. Mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, anafa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu 2019 bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Chipewa chabuluu cha lero ndicho chinthu chakale cha mawa, ndiye chilembedwe m'kaundula eni ake akadali moyo.

28. Pomaliza, kodi mumadziwa kuti khomo la ntchito imeneyi si lotseka? Ophunzira za mbiri, za zokumba pansi, za zokopa alendo, za sayansi ya mankhwala ngakhale za makompyuta onse ali ndi pogwira. Lembani kalata ku dipatimenti yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zipilala, kapena kafunseni kunyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri mu Blantyre. Boma linayambitsanso ndondomeko yophunzitsa ntchito omaliza makoleji mu 2018. Ngati muli ku Joni, kaoneni Ditsong National Museum of Military History, imene inatsegulidwa mu 1947 mu Johannesburg. Ndalama za ntchitoyi n'zochepa ndipo fumbi ndi lambiri, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musadikire kalata yokuitanani. Loweruka likubwerali tengani kope, pensulo ndi foni yanu, mukakhale pamphasa ndi agogo. Yambani mwapempha chilolezo, kenaka afunseni kuti m'banja mwanu anapita ku Keyala ndani, anasenza mtengatenga ndani, anathawa nkhondo kutsidya ndani, ndipo chinali chaka chanji. Lembani dzina lonse, mfunda ndi mudzi. Mendulo, lamba kapena chithunzi chimene angakuonetseni musachikweche, ndipo wogula zitsulo zakutha akafika pakhomo, mumuuze kuti chimenecho si chamalonda.